Chipinda Chimene Elube Anapenta

Kumbuyo kwa Msika wa Lilongwe, kumene kuli mabenchi a ogulitsa misomali, maloko ndi penti, palibe amene samudziwa Elube. Ndi mayi wamfupi, wa mapewa otambalala, amene amavala ovolosi n'kumangira chitenje pamwamba pake. Ntchito yake ndi yopenta m'kati mwa nyumba. Anthu amamudziwa pa zinthu ziwiri: dzanja lake silisiya mizere pakhoma, ndipo sachedwa kupsa mtima. Koma amene anamudziwa kale amati sanali wotero. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, mawu amene ankatuluka kawirikawiri pakamwa pake anali akuti, "Chabwino, Madamu."

Elube anabadwira ku Mitundu. Sukulu analekezera Sitandade 6 bambo ake atamwalira. Anakwatiwa ali wamng'ono, koma banja linatha patapita zaka zinayi chifukwa kunalibe mwana, ndipo abale a mwamunayo anagwirizana kuti vuto linali la iye. Mu 2004, mayi wina wa kutchalitchi anamupezera ntchito ya m'nyumba ku Eriya 10, kwa a Greenwell Kayira ndi akazi awo Mayi Ada. Onse awiri kwawo kunali ku Rumphi. Bambowo ankagwira ntchito m'boma, mayiwo kubanki ina ku City Centre. Mwana wawo, Chigomezgo, anali asanayambe kuyenda. Elube ndiye anamuberekera kumsana, kumuphunzitsa kudya yekha, ndi kumuperekeza kusukulu ya mkaka.

Anamupatsa chipinda cha ku boyizikota, kanyumba ka antchito kuseri kwa zingwe zoyanikira zovala. Chinali ndi windo limodzi, pansi pa simenti, ndi makoma amene anapakidwa laimu pamene nyumbayo inkamangidwa, basi osakhudzidwanso. Nyumba yaikulu inkapentedwa zaka ziwiri zilizonse Khirisimasi isanafike. Kunkabwera amuna ndi makwerero awo, ndipo Elube ndiye ankasuntha mipando, kuchotsa makatani, kenako n'kugwada kupala madontho a penti amene amunawo asiya pa matailosi. Ulendo uliwonse ankapempha kuti penti wotsala amupatseko apake kuchipinda kwake.

"Tiona chaka chamawa," Mayi Ada ankatero.

Penti wotsalayo ankamukhomera m'sitolo, kachipinda kosungiramo katundu kuseri kwa khitchini. Ankakhala mmenemo mpaka kuuma gwa ngati mwala, ndipo akauma, Elube yemweyo ndi amene ankatumidwa kukataya zitinizo kudzala.

Mu Meyi 2022 mayi ake a Elube anamwalira. Maliro atatha anaona kuti kumudzi kunalibenso malo ake. M'nyumba ya mayi akewo munali mutalowa kale mchimwene wake ndi banja lake, ndipo iye anamuyalira mphasa kukhitchini ngati mlendo wongodutsa. Pobwerera, ali m'minibasi, anazindikira kuti padziko lonse malo amene angati ndi kwake ndi kachipinda ka ku Eriya 10 kaja. Atafika anatsegula chitseko n'kuima. Anali atakhalamo zaka zonsezo, koma tsiku limenelo ndi pamene anachiyang'anitsitsa. Kuchokera pansi kufika m'chiuno khoma linali bii ndi chuku. Laimu anali atafufuma n'kumagwera pabulangete. Pakona panali mng'alu wolowa chala. Chifuwa chimene chinkamuvuta dzinja lililonse anadziwa kumene chinkachokera.

M'mawa mwake, akupereka tiyi, analankhula.

"Madamu, ndimafuna ndipente chipinda chija. Penti ndigula ndekha, ndipo ndipenta ndekha."

Mayi Ada sanachotse maso pafoni. "Ndi chipinda chako, Elube. Panga zimene ukufuna, bola ntchito ya m'nyumba muno isaime."

Tsiku lake lopuma linali Lamulungu, koma Loweruka masana ankatumidwa kumsika kukagula ndiwo. Loweruka limenelo anatsika minibasi ku depoti n'kulunjika ku mabenchi a penti. Anaima pa benchi la bambo wina wachikulire wovala kofiya yoyera, amene ankatsimphina poyenda. Dzina lawo linali a Yunusu. Anagwirapo ntchito yopenta zaka makumi atatu, mpaka tsiku lina anagwa pamakwerero n'kuthyoka ntchafu, ndiye anayamba kugulitsa penti m'malo mopaka.

"Ndikufuna penti wachikasu," anatero Elube.

"Khoma lake ndi lotani, mayi?"

Elube anafotokoza. A Yunusu anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anapukusa mutu.

"Lero sindikugulitsani penti. Mukapaka pamenepo, mvula yoyamba kugwa adzasupuka yense, ndiye mudzabwera kudzanditukwana kuti ndinakugulitsani wabodza. Khoma silichita chuku lokha. Pali madzi amene akulowa. Pitani mukaone kunja kwa khomalo, mukapeze kumene akuchokera."

Anamupatsa chitsulo chopalira ndi sandipepa, n'kumuuza kuti adzabwerenso khoma likauma.

Elube anabwerera atakhumudwa, koma anachita zimene anauzidwa. Kuseri kwa chipindacho kunali mpopi wothirira maluwa, ndipo paipi yake inkadontha pansi penipeni pa khoma, mwina kwa zaka zambiri. Dothi linali litaunjikana mpaka kukwirira njerwa zitatu. Anapempha a Mavuto, mlonda wa pageti amene ankasamaliranso maluwa, kuti amange paipiyo. Iye anatenga khasu n'kufukula dothi lonse, n'kukumba ngalande yotaya madzi kumpanda.

Kenako anayamba kupala. Ma Lamulungu atatu, akachoka kutchalitchi, ankatulutsa bedi ndi sutikesi panja, n'kumanga mpango kukamwa ndi kumphuno. Laimu wakale ankagwa ngati ufa, kumulowa m'maso ndi m'tsitsi. Zikhatho zinachita matuza, matuzawo n'kuphulika. Atamaliza anatsuka khoma ndi jiki kuti chuku chife, n'kusiya chitseko ndi windo zotsegula kuti mphepo ya mu Julayi igwire ntchito yake. Loweruka lililonse ankadutsa kwa a Yunusu kukanena pamene wafika, ndipo iwo ankamuuza chotsatira. Anamuphunzitsa kukanya fila, phala loyera lotsekera ming'alu, ndi kulisalaza likauma. Anamuphunzitsa kuti ayambe ndi andakoti, penti woyera woyamba amene amagwira khoma. Anatenga chidutswa cha pulayiwudi n'kumuonetsa kagwiridwe ka rola, chopakira penti chogubuduza: osaimiza m'penti yonse, osakanikiza, osathamanga, ndipo m'makona ndi m'mphepete mwa windo kuyamba ndi bulashi.

"Mukaona pena pakuoneka ngati paperewera, musabwererepo penti ali wamuwisi. Musiyeni aume. Ulendo wachiwiri ndi umene umakonza."

Mtundu anasankha yekha. M'nyumba yaikulu makoma onse anali a kirimu, ndipo iye anali atatopa nawo. Anafuna chikasu chopepuka, chonga mkati mwa nthochi yakupsa. M'munsi anazunguliza mzere wa penti wa mafuta wofiirira, wowongoka ngati wojambula ndi lula. Pofika kumapeto kwa Ogasiti ntchito inatha. Anasoka katani la chitenje chatsopano, n'kukhomera pakhoma chithunzi chimodzi chokha cha mayi ake. Dzuwa la masana likalowa pawindo, chipinda chonse chinkawala. Chifuwa chija chinayamba kuchepa. A Mavuto atabwera kudzaona anavula nsapato pakhomo osauzidwa.

Mayi Ada anachiona Lamulungu lina madzulo, atabwera kuseriko kudzafunsa makiyi a galaja. Anaima pakhomo nthawi yaitali.

"Wapanga wekha zimenezi?"

"Ndekha, Madamu."

"Ndiye chipinda chimenechi n'chachikulu bwino, eti. Sindinkadziwa."

Analowa, anagwira khoma, anayesa windo, kenako anatulutsa foni n'kujambula mbali zonse zinayi. Elube anasangalala. Zaka zonsezo Madamu anali asanayamikirepo chinthu chake, ndipo sabata imeneyo ankagwira ntchito akuyimba.

Patapita masabata awiri, Lachitatu m'mawa, Mayi Ada analowa m'khitchini atavala kale za kuntchito, makiyi a galimoto ali m'manja.

"Elube, Loweruka kukubwera Lexon, mwana wa achimwene anga. Wapeza ntchito ku City Centre. Ndi munthu wamkulu, sangamagone m'nyumba muno ndi Chigomezgo ali pa holide. Ndiye azikhala ku boyizikota. Iwe usamukira m'sitolo. Uchotsemo matumba a chimanga, uwaike m'galaja."

Elube anali akutsuka kapu. Anaitsukabe kapuyo ngakhale inali itayera kale.

"Madamu, m'sitolo mulibe windo."

"Uzitsegula chitseko. N'zakanthawi."

"Munati ndi chipinda changa."

"Ndinati uzigonamo. Nyumba ino ndi ya ndani, Elube? Usandichedwetse. Ndinamutumizira zithunzi Lexon, wachikonda kwambiri."

Anatuluka. Elube anamva galimoto ikulira, geti likutsegulidwa n'kutsekedwa. Anaika kapu ija pansi mosamala kwambiri, chifukwa anaona kuti akapanda kutero aiswera kukhoma. Tsiku lonse mawu amodzi okha ndi amene ankabwerera m'mutu mwake: zithunzi. Pamene iye ankamwetulira kumbuyo kwa Madamu, akuganiza kuti akuyamikiridwa, chipindacho chinali chikuperekedwa kwa munthu wina iye ali pomwepo.

Madzulo a Greenwell atabwera, anawapeza pakhonde akuwerenga nyuzipepala. Anagwada chapatali monga ankachitira nthawi zonse.

"Bwana, ndabwera ndi dandaulo."

Anafotokoza zonse, kuyambira paipi yodontha mpaka matuza a m'manja. A Greenwell anali munthu wofatsa, wosakonda phokoso. Anamvetsera akugwedeza mutu, ndipo Elube anayamba kukhala ndi chiyembekezo.

"Ndamva, Elube. Wagwira ntchito yabwino, ndaiona. Koma za m'nyumba ndimasiyira amayi. Ukambirane nawo bwinobwino."

Anakweza nyuzipepala ija n'kubisa nkhope.

Chigomezgo, amene tsopano anali mtsikana wa ku yunivesite, anamupeza kuzingwe akuanula zovala.

"Anti Elube, musakwiye. Inenso ndawauza mami kuti si bwino, koma mukuwadziwa. Lexon sakhalitsa, akapeza nyumba yake achoka."

"Iwe unayamba walowamo m'sitolo muja?"

"Ndimalowamo."

"Unayamba watsekamo chitseko uli mkati?"

Mtsikanayo anayang'ana pansi, kenako foni yake inalira, n'kupita.

Lachisanu Elube anasamuka. Ananyamula matumba a chimanga, anasesa ndowe za makoswe, anakankhira zigubu za mafuta a jenereta pakona. Bedi silinakwane, ndiye analiimika kunja n'kuyala matiresi pansi. Chithunzi cha mayi ake anachiika m'sutikesi, chifukwa sanafune kuti chikhale pakhoma limenelo. Anadziuza kuti apirira monga ankapiririra kale. Akanapita kuti?

Loweruka kunabwera alendo. Mayi Ada anaitana abale ndi anzawo a kutchalitchi kuti adzalandire Lexon ndi chakudya cha masana. Elube anayamba kuphika m'mamawa: nkhuku zitatu, mpunga, nyama ya ng'ombe, masamba. Cha m'ma 11 koloko Lexon anafika pa takisi, mnyamata wamtali wa zaka pafupifupi makumi atatu, wonunkhira perefyumu, waulemu ndithu polonjera akuluakulu. Mayi Ada anaitana Elube kukhitchini.

"Siya kaye mapotowo. Tenga mashiti awa ukayale pabedi la Lexon, a Mavuto alowetsa kale. Utengenso chikwama chakecho."

Elube anapukuta m'manja, ananyamula chikwama ndi mashiti, n'kutsogola. Kumbuyo kwake kunkabwera Mayi Ada, Lexon, ndi amayi awiri a kutchalitchi amene anafuna kuona. Anayala bedilo, makona onse bwinobwino, iwo ataima pakhomo. Lexon analowa, manja m'thumba, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Ndi pabwino, azakhali. Koma mtunduwu, aa. Chikasu chimenechi n'cha azimayi. Anzanga akabwera adzandiseka. Sizingatheke kupentanso? Gireyi kapena woyera basi."

Mayi Ada anaseka. "Si vuto limenelo. Elube yemweyu amatha. Ugule penti, adzakupentera Lamulungu likubwerali."

Elube anali atagwira pilo. Anaiika pabedi n'kuwongoka.

"Sindipenta."

Mayi Ada anatembenuka ngati sanamve bwino. "Wati chiyani?"

"Ndati sindipenta. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndagona m'chipinda muno chili chakuda ngati m'chimbudzi. Mwalowamo kangati? Ndinkatsokomola dzinja lonse, inu n'kumandiuza kuti ndisatsokomolere pachakudya. Penti wanu ankauma m'zitini, ine n'kumakataya. Chipindachi mwachiona liti kuti n'chachikulu? Mwachiona nditachipala ndi manja angawa."

"Elube, pali alendo."

"Amve. Si a kutchalitchi kodi? Amayi, pitani mukaone kumene andiika. Kuseri kwa khitchini, chitseko chobiriwira. Mukalowe, mukatseke, mukapume mpweya wa petulo, ndiye mawa mukakhale nawo pabenchi limodzi n'kumayimba."

Amayi awiri aja anayang'anana. Lexon anatulutsa manja m'thumba.

"Mayi, ine sindinkadziwa kuti..."

"Simunkadziwa chifukwa simunafunse. Mwaona katani, mwaona msomali pakhoma, simunadzifunse kuti munkagona munthu muno? Mtundu wokha ndi umene mwaona."

Mawu ake sanali okwera kwambiri. Mayi Ada nkhope inali itauma.

"Wayiwala kumene ndinakutola. Ngati watopa ndi ntchito, geti ndi ilo."

"Ndaliona. Ndakhala ndikulitsegulira inu."

Anadutsa pakati pawo n'kupita kukhitchini. Anazimitsa mbaula zonse, mpunga uli pakati pa kupsa, n'kuika makiyi a nyumba patebulo. M'sitolo katundu wake anali womangamanga kale: sutikesi imodzi, chikwama cha ziwiya, bulangete, ndi ndowa ya pulasitiki mmene munali rola, mabulashi awiri ndi chopalira. Matiresi anawasiya. Anasenza sutikesi pamutu, zina n'kunyamula m'manja. Alendo amene anakhala pakhonde anasiya kucheza akumuona akudutsa.

Asanafike pageti anamva mawu a Mayi Ada kumbuyo.

"A Mavuto, musatsegule. Muone kaye zimene wanyamula."

A Mavuto anaima, dzanja lili pa loko. Anali munthu wachikulire, ndipo kwa zaka khumi Elube ndiye ankawapatsira tiyi pawindo la khitchini. Sanasunthe, sanamuyang'anenso kumaso.

"Musavutike, achimwene," anatero Elube. "Ndiwaonetsa ndekha."

Anatula sutikesi pakati pa msewu wa galimoto, anaitsegula n'kuikhuthula. Zitenje, madiresi a kutchalitchi, zovala zamkati, Baibulo, chithunzi cha mayi ake, zonse zinagwera pa simenti alendo akuona. Anakhuthulanso chikwama cha ziwiya, mbale zikugubuduka mpaka m'maluwa.

"Bwerani, Madamu. Sankhani chanu. Makiyi a chipinda chanu chogona ndakhala nawo kuyambira Chigomezgo ali kumsana. Chinasowapo n'chiyani? Tchulani chimodzi, alendo anu amve."

A Greenwell anadzuka pampando n'kulowa m'nyumba. Chigomezgo anathamanga akulira n'kuyamba kutola mbale m'maluwa, koma Elube anamulanda.

"Siya. Ndatola za m'nyumba muno zaka zonsezi, zangazi nditola ndekha."

Analongedza pang'onopang'ono, chimodzichimodzi, akupinda chitenje chilichonse. Iye atamaliza, a Mavuto anatsegula geti, n'kumunyamulira sutikesi mpaka pamsewu waukulu, ngakhale Madamu ankawaitana.

Elube anakwera minibasi yopita m'tauni osadziwa kumene akupita. Atatsika, miyendo inamufikitsa pa benchi la a Yunusu, poti kunali kokhako kumene ankapita Loweruka. A Yunusu anaona sutikesi, anaona nkhope yake, n'kumukokera chitini cha penti kuti akhalepo. Anamvetsera nkhani yonse osamudula. Mnzawo wa benchi loyandikana, amene ankamvetsera nawo, analowererapo.

"Ine ndikanathira oyilo wakuda makoma onsewo ndisanachoke."

Elube anamutembenukira ngati ndi iye wamulakwira. "Khomalo landilakwira chiyani? Mukudziwa masiku amene ndinalidikira kuti liume?"

Bamboyo anabwerera ku misomali yake.

A Yunusu atatseka benchi anamutengera kwawo ku Eriya 2. Akazi awo, Mayi Mwanasha, anali mayi wonenepa, wolankhula mosabisa, wogulitsa nsalu mumsika momwemo. Anamupatsa Elube malo m'chipinda cha ana awo aakazi amene anali atakwatiwa, ndipo kwa sabata yathunthu sanamufunse za mawa. Elube sankatha kukhala. Ankadzuka kusesa bwalo losesedwa kale, akulankhula yekha, akubwereza zimene ananena ndi zimene anayiwala kunena. Tsiku lachisanu ndi chitatu Mayi Mwanasha anamuitana kuchipinda kwawo.

"Taonani makomawa, achemwali. Ndinakwatiwa ndi wopenta, koma chigwereni pamakwerero muno simunapakidwe kanthu. Amuna achilendo sindingawalowetse kuchipinda kwanga. Inu ukali umenewu mukuuthera pa tsache langa, bwanji osauthera apa?"

Elube anapenta chipindacho masiku anayi, a Yunusu atakhala pampando pakhomo n'kumaloza ndi ndodo. Anakangana kawiri, koyamba pa kuchuluka kwa madzi othira m'penti, kachiwiri pa siling'i, ndipo kachiwiriko a Yunusu anavomera kuti iye ndiye ankalondola. Lachisanu lotsatira Mayi Mwanasha anabweretsa anzawo kudzaona. Ambiri mwa amayiwo anali ndi vuto lomwelo: zipinda zogona zosapentedwa zaka zambiri chifukwa sankafuna amuna osawadziwa pakati pa katundu wawo, amuna awo ali kuntchito. Mwezi usanathe Elube anali ndi nyumba zitatu zomudikira. Pofika Disembala anapeza chipinda cha lendi ku Mchesi.

Amuna openta amene amadikira ntchito pafupi ndi mabenchiwo sanakondwe. Ankamuseka akamadutsa ndi ndowa yake, ena n'kumamufunsa ngati makwerero amakwera atavala chitenje. Tsiku lina mmodzi anamutsatira kasitomala wake n'kumuuza kuti mzimayi sangafike pa siling'i. Elube anamva. Anamupeza bamboyo pakati pa anzake n'kumutchulira nyumba ziwiri za ku Eriya 3 zimene iye anaitanidwa kukakonza, bamboyo atapaka penti pa fumbi n'kusupuka. Anatchula misewu yake ndi mitundu ya penti. Kuyambira tsiku limenelo amamupatsa moni.

Chigomezgo anamupeza patatha chaka ndi miyezi ingapo, atafunsira kwa a Mavuto. Anafika pa benchi la a Yunusu Loweruka m'mawa, Elube akusankha mabulashi. Anakumbatirana, ndipo Elube anamugwira masaya n'kumuuza kuti waonda. Kenako mtsikanayo ananena chimene anabwerera. Lexon anali atasamukira ku Eriya 47. Antchito atatu anali atabwera n'kuchoka. Mami ankati ngati Elube akufuna, abwerere, chipinda chija chili chopanda munthu, ndipo zakale ziiwalike.

"Akuti ziiwalike? Aiwale ndani, iwo kapena ine?"

"Anti, mami sangapepese, mukuwadziwa. Koma kunditumaku ndiye kupepesa kwawo."

"Ndiye ukawauze kuti kukanaku ndiye kuyankha kwanga. Anandikhuthulitsa zovala zamkati pamaso pa anthu. Iwe unalipo."

"Ndinalipo."

"Iweyo uzibwera. Ndimakhala ku Mchesi, kuseri kwa chigayo. Koma usadzabwerenso ndi uthenga."

Mtsikanayo amapitadi, mwina kamodzi pa miyezi iwiri, ndipo nkhani ya ku Eriya 10 saitchula.

Lero Elube ali ndi zaka 45. Phewa lakumanja limamuwawa nyengo yozizira, ndipo maso ayamba kumuvuta podula mizere ya m'mphepete, koma magalasi amakana. Ntchito amaipeza m'tauni, ku Eriya 2, ku Falls, nthawi zina m'nyumba zikuluzikulu za ku Eriya 9 ndi 43. Kumeneko amafika pageti n'kunena yekha malamulo ake asanalowe: amalowera khomo la kutsogolo, amadya atakhala pampando, ndipo munthu akamuitana kuti "iwe" amanyamula ndowa yake. Mayi Mwanasha amamuuza kuti mtima woterowo udzamuthawitsira makasitomala, ndipo ena athawadi.

Mwezi wathawu anaitanidwa ndi bambo wina wa ku Eriya 9 amene ankakonzekera chinkhoswe cha mwana wake. Pabalaza anali atangopakapo pulasitala watsopano masiku atatu m'mbuyomo, ndipo bamboyo ankafuna penti pofika Lachisanu. Elube anaika chikhatho pakhoma, n'kupeza likuzizira.

"Silinaume. Lidikireni masabata atatu."

"Mayi, ine ndakuitanani kuti mupente, osati mundiphunzitse. Alendo akubwera Loweruka."

"Ndiye alendowo adzaone pulasitala. Ndikapaka lero, pofika Khirisimasi adzakhala akugwa ngati makoko a mtedza, ndipo mudzauza anthu kuti anapenta ndi Elube."

Bamboyo anakweza mawu, iyenso anakweza ake. Anatuluka ndi ndowa yake, anayenda wapansi mpaka pa siteji dzuwa likuswa mtengo, akung'ung'udza njira yonse. M'minibasi anakangananso ndi kondakitala amene ankafuna kuika ndowayo kubuti, pamene rola ikanaphwanyika. Atafika kumsika anapeza a Yunusu atamusungira uthenga: mayi wina wa ku Kawale, wobereka kumene mapasa, ankafuna chipinda cha anawo chipentedwe. Elube anafunsa ngati denga lake silidontha. A Yunusu anati sakudziwa. Elube anamwa madzi, anamanganso chitenje, n'kupita kukaona yekha.